Makoma a pa Chileka ndi nyumba zomwe zidakula ndi dziko

Pa 6 Julaye 1958 ndege idatera pa bwalo la Chileka, ndipo mudatsika dokotala yemwe adachoka kwawo ku Kasungu zaka zoposa 40 m'mbuyomo. Khamu la anthu lidali litasonkhana kudzamuchingamira. Patangotha miyezi isanu ndi itatu, m'bandakucha wa pa 3 Malichi 1959, asilikali ndi apolisi adakamudzutsa kunyumba kwake ku Limbe nabwera naye pa bwalo lomweli, kudzamukweza ndege ya ku Gwelo ku Southern Rhodesia, komwe adakatsekeredwa m'ndende mpaka pa 1 Epulo 1960. Kenako pa 26 Julaye 1964, ufulu usanathe ndi mwezi womwe, Dr Hastings Kamuzu Banda yemweyo, akuchokera ku msonkhano wa OAU ku Cairo, adaima pa Chileka nadzudzula nduna zake pamaso pa anthu. Pofika mu Sepitembala, Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi adali atachotsedwa unduna, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere adali atatula pansi maudindo awo.

Ana asukulu amaloweza ena mwa masiku amenewa pokonzekera mayeso. Koma ndi angati adafunsapo za malo enieniwo, khomo lomwe anthuwa adatulukira, khonde lomwe owachingamira adaimapo, nsanja yomwe idalola ndegezo kutera? Mu 2024 boma lidasintha dzina la bwaloli kukhala Bakili Muluzi International Airport. Za dzinalo anthu adayankhula mpaka kukhosi kuuma. Za makoma ake, zii.

Si Chileka yokha. Pali mbadwo wonse wa nyumba zomwe zidamangidwa kuyambira nkhondo yachiwiri itatha kufika cha m'ma 1975, nthawi yomwe Nyasaland idasanduka Malawi, ndipo ndi nyumba zimenezi zomwe timaziona mopepuka kuposa zina zonse.

Ndege zidayamba kutera pa Chileka m'zaka za m'ma 1930. Aliyense wodziwa dera lino sangadabwe chifukwa chake adasankha pano. Blantyre ndi Limbe zili pamapiri, ndipo chiperoni chikabwera sungaone ngakhale nyumba ya mnzako. Ukatsetsereka kuchokera pa Kameza, phiri la Michiru lili kumanzere, dziko limayamba kuyalana, kutentha nkuwonjezeka. Bwaloli lili pa mamita pafupifupi 780 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe mzinda wa Blantyre uli pa mamita oposa 1,000. Poyamba kunkabwera tindege tating'ono ta kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways. Mu 1946 kudabadwa Central African Airways, ya maiko atatu a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, likulu lake ku Salisbury komwe lero ndi Harare. Idabweretsa ndege za Viking ndi Dakota, kenako Viscount kuyambira 1956, ndi tindege ta Beaver tomwe tinkafika kumadera akutali monga Mzimba ndi Karonga.

Padali kanthawi kochepa, mu 1949 ndi 1950, pomwe ndege za BOAC zotera pamadzi zinkaima ku Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa England ndi Johannesburg. Izo zidatha msanga. Ulendo wa pandege udakhazikika pamtunda, ndipo khomo la dziko lino lidakhala Chileka kwa zaka zoposa 30.

Anthu ambiri amaganiza kuti bwaloli lidali la azungu ndi mabwana okha. Ayi ndithu. Amuna masauzande ambiri a m'midzi ya dziko lino adakwera ndege koyamba pa Chileka, pansi pa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi, kupita ku Francistown ku Botswana, komwe ankakwera sitima ya ku migodi ya ku Joni. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yobwerera kuno idagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 adafera pomwepo, katundu wawo wa ku migodi ali m'manja. Kamuzu adaletsa kulemba anthu ntchito za ku migodi chifukwa cha ngoziyo. Mabanja omwe adadikira abale awo osawaonanso ali ndi gawo pa mbiri ya bwaloli, kuposa nduna iliyonse yomwe idapondapo kapeti wofiira.

Air Malawi idayamba mu 1964 ngati mwana wa Central African Airways, nkudziimira payokha mu 1967. Idagula ndege za HS 748, kenako BAC One-Eleven, ndipo mu 1974 idatenga chindege cha VC10, cha mainjini anayi kumchira, chomwe chinkapita ku London. Dziko laling'ono ngati lino kukhala ndi ndege yakeyake ya ku London, inali nkhani. Masiku amenewo khonde la pamwamba pa nyumba ya apaulendo linali malo ochezera. Mabanja ankabwera Lamulungu kudzaonerera ndege, kumwa zoziziritsa kukhosi, kubayibitsa m'bale mpaka atalowa m'ndege, popeza munthu ankayenda wapansi kuchoka pakhomo kukafika pamakwerero, onse akumuona. Ana a sukulu ankabwera nawo pa maulendo okaphunzira.

VC10 ija sidakhalitse pantchito. Idali yodya mafuta, ndipo pofika 1979 idaima. Idakhala pambali pa bwalo la Chileka zaka zambiri, dzuwa ndi mvula zikuigwera, mpaka idaphwanyidwa m'zaka za m'ma 1990. Maiko ena ndege zotere adaziika m'nyumba zosungira zakale. Ife tidaigulitsa ngati zitsulo. Mu 1983 bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi lidatsegulidwa, ndege zikuluzikulu zidasamukira ku Lilongwe, ndipo Chileka idatsala ndi maulendo a m'dziko muno ndi maiko oyandikana nawo. Papa Yohane Paulo Wachiwiri adaterabe pano mu Meyi 1989. Air Malawi yeniyeniyo idatha mu 2013.

Kamangidwe ka nyumba za nthawi imeneyo akatswiri amakatcha modernism. Kadayambira ku Ulaya pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu, kwa anthu monga Le Corbusier ndi a sukulu ya Bauhaus ku Germany, omwe adatopa ndi nyumba zodzaza zokometsera zopanda ntchito. Iwo ankafuna nyumba yosabisa momwe idamangidwira, ya mizere yowongoka, ya konkireti, zitsulo ndi magalasi, yolowa kuwala kokwanira. Kamangidweka katafika ku Africa kadakumana ndi dzuwa loswa mtengo ndi mvula yamkuntho, ndipo kadayenera kusintha. Maxwell Fry ndi mkazi wake Jane Drew, omwe adajambula mapulani a sukulu ku Ghana ndi a yunivesite ya Ibadan ku Nigeria, adatulutsa buku mu 1956 lofotokoza momwe nyumba ya m'dziko lotentha iyenera kukhalira. Nzeru zake zidali zosavuta: nyumba ikhale yayitali koma yopyapyala kuti mphepo izidutsa, makoma aatali asayang'ane kum'mawa kapena kumadzulo, mawindo akhale ndi chowaphimba kuti dzuwa lisawombe galasi.

Kuno kwathu zinthu ziwiri zidathandiza. Choyamba ndi simenti. M'zaka za m'ma 1950 kudatsegulidwa fakitale ya simenti ku Blantyre, ndipo pambuyo pake miyala ya laimu idayamba kukumbidwa ku Changalume ku Zomba. Zitsulo ndi magalasi zinkabwera pa sitima kuchokera ku doko la Beira. Chachiwiri ndi ndalama za boma, zomwe zidayamba kupezekako nkhondo itatha ndiponso m'nthawi ya chitaganya cha maiko atatu aja, kuyambira 1953 mpaka 1963.

Mukafuna kuona nzeru za kamangidweka ndi maso, pitani ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth chomwe chidatsegulidwa mu 1958. Musayang'ane utoto wosuluka kapena khamu la anthu. Yang'anani momwe mawodi adayalidwira, iliyonse payokha, pakati pake pali bwalo lolowa mphepo ndi dzuwa, zonse zolumikizidwa ndi makhonde ataliatali ofoleredwa, moti namwino amatha kukankha wodwala kuchoka kuwodi kukafika kuthiyeta mvula ili pakati osanyowa. M'nyumba zambiri za mbadwo uno mupezamo mawindo a timagalasi topingasa tomwe timatseguka tonse pamodzi mukakoka kachitsulo kam'mbali. Mupezamo khoma la mabuloko obowoka mokongola, lomwe limatchinga dzuwa ndi maso a odutsa koma mphepo nkumalowa. Pamwamba pa windo pamakhala kakonkireti kotulukira kunja, ndipo masana mthunzi wake umagwera pagalasi ndendende. Pansi pamakhala simenti yofiira yomwe amayi ankaipaka polishi mpaka kuwala, kapena terrazzo, timiyala tothira mu simenti nkupalidwa, yomwe anthu apondapo zaka 60 koma sinagonje. Munthu yemwe adajambula zonsezi ankadziwa kuti m'nyumbamo simudzakhala makina oziziritsa.

Ufulu utabwera, kamangidwe komweka ndi komwe dziko latsopano lidasankha kuti kalionetse kwa alendo. Chipilala cha ufulu cha pa Chichiri ndi cha mbadwo uno. Nyumba yosungira zakale ya pa Chichiri idamangidwa mu 1965 ndi thandizo la Beit Trust nkutsegulidwa mu 1966. Polytechnic, yomwe lero ndi MUBAS, idayamba mu 1965 ndipo nyumba zake za pa Ginnery Corner zidamangidwa ndi thandizo la dziko la America. Hotela ya Mount Soche idatsegulidwa mu 1969. Mu Victoria Avenue mudakwera Delamere House, yomwe anthu ochokera kumudzi ankaima nkumaiwerenga nsanjika zake. Chancellor College idasamukira ku Chirunga ku Zomba mu 1973, ndipo maofesi a pa Capital Hill adalandira boma pomwe likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975.

Tisanamizane, nyumba za m'nthawi ya chitaganya sizidamangidwe m'dziko lachilungamo. Tsankho lidalipo m'mahotela, m'makalabu, m'sukulu ndi m'zipatala, ndipo chuma chambiri cha chitaganya chinkathera ku Salisbury ndi ku damu la Kariba. Za m'nthawi ya Kamuzu nazo zili ndi zipsera zake. Pa Chileka pomwepa amayi ankatengedwa pa malole kudzavina, kufuna kaya kusafuna, nthawi zonse mkuluyo akamanyamuka kapena kufika. Ena amati nchifukwa chake sasamala za nyumbazi. Ine ndimaona mosiyana. Mapulani adajambula ndi alendo, inde, koma adaponda dothi la njerwa ndani? Adasakaniza konkireti ndi fosholo, kumanga zitsulo ndi waya, kukwera pamakwerero a milimo ndi ndowa pamutu, adali agogo athu, ambiri a iwo amisiri ophunzira ntchito ku mishoni. Ndipo malo omwe padachitikira zowawa ndi omwe amafunika kusungidwa kwambiri, kuti wina asadzakane mawa kuti sizidachitike.

Nyumba ya konkireti imaoneka ngati yosafa, koma ili ndi nthenda yake. Madzi akalowa pamng'alu, amafika pa zitsulo zam'kati. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa, nkukankha konkireti mpaka kusweka. Mukaona mzere wofiirira ukutsika pakhoma, kapena chibenthu chagwa pansi pa khonde zitsulo zili pamtunda, dziwani kuti nthendayo yakula. Kawirikawiri gwero lake ndi lochititsa manyazi: ngalande ya padenga yomwe idatsekeka ndi masamba, palibe adakwera kukaichotsa. Madenga afulati, omwe anali fasho nthawi imeneyo, amafuna kuthiridwa phula latsopano pakapita zaka, apo ayi madzi amadikha. Ena adafoleredwa ndi malata a asibesitosi, omwe fumbi lake limawononga mapapo, ndipo kuwachotsa kumafuna anthu odziwa. Bwalo la masewero la Kamuzu, lomwe kale linkatchedwa Rangeley, komwe mbendera ya Malawi idakwezedwa koyamba usiku wolowera pa 6 Julaye 1964, lidatsekedwa mbali zina mu 2012 chifukwa akatswiri adapeza kuti konkireti wake sangasenzenso khamu. Nyumba yomwe inali French Cultural Centre, komwe kudakulira zisudzo ndi nyimbo za mu Blantyre, idabedwa katundu eni ake atachoka, ndipo kuikonza kwatenga zaka.

Koma choononga china nchomwe timachitcha kukonza. Bwana watsopano akalowa mu ofesi, amafuna nyumba ioneke ya lero. Khoma la mabuloko obowoka amalimata ndi pulasitala. Timagalasi topingasa amatizula nkuikapo chigalasi chakuda chosatseguka. Kunja amakuta ndi malata onyezimira, terrazzo nkumuphimba ndi matailosi oterera, kenako nkupachika makina oziziritsa pakhoma lililonse. Magetsi akathima, ndipo kuno amathima, anthu amatuluka thukuta m'nyumba yomwe idapangidwa kuti izidzizizira yokha. Ndalama zapita, nyumba yataya nkhope yake, bilu ya magetsi yakwera.

Pa Chileka pakhala pakugwiridwa ntchito yokonza ndi kukulitsa nyumba ya apaulendo m'zaka za m'ma 2010, ndipo mu 2019 msewu wothamangapo ndege udakonzedwanso, chaka chomwe South African Airways idayamba yaimitsa maulendo ake obwera kuno podandaula za chitetezo. Palibe wanzeru angatsutse ntchito zimenezi. Bwalo la ndege si nyumba yosungira zakale. Likufunika mpanda wolimba, galimoto zozimitsa moto ndi makina oyendera katundu. Funso langa ndi lina: pokonzapo, ndani amakhala pa tebulo kuyankhulira mbiri, kunena kuti ichi sinthani koma ichi chisiyeni?

Lamulo lilipo. Nthambi ya boma yoona zinthu zakale idakhazikitsidwa mu 1967, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kudabwera lamulo la Monuments and Relics Act lomwe limapatsa nduna mphamvu zoteteza malo kapena nyumba. Mu Blantyre, aliyense akafunsidwa nyumba zambiri yakale atchula Mandala ya 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chidatha kumangidwa mu 1891, ndi holo yakale ya tauni ya mu Victoria Avenue. Nzoyenera kutetezedwa, ndipo a Society of Malawi, omwe amasunga mabuku ndi zithunzi zakale pamwamba pa nyumba ya Mandala, agwira ntchito yotamandika kuyambira 1946. Koma taonani: zonsezi ndi za amishoni, amalonda ndi atsamunda oyamba. Nyumba za 1958 kapena 1966 zili ngati bambo wa zaka 60 pamaliro a m'mudzi, yemwe achinyamata amamuona wachikale koma akuluakulu sanamuitanire pampando wawo. Ndipo mu mzinda momwe khonsolo idazolowera kujambula nyenyezi yofiira pa nyumba zomwe yati zagwa nkhope, kukhala pakatikati potero nkoopsa.

Maiko ena adadutsamo momwemu. Ku Netherlands kudali chipatala cha odwala chifuwa chachikulu chotchedwa Zonnestraal, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, chomwe chidasiyidwa mpaka magalasi onse kusweka. Akatswiri awiri, Hubert-Jan Henket ndi Wessel de Jonge, pofufuza momwe angachipulumutsire, adayambitsa bungwe la Docomomo mu 1988 ku Eindhoven, loti lizilemba ndi kuteteza nyumba za mbadwo uno. Lero lili ndi nthambi m'maiko ambiri. Mu 2008 bungwe la World Monuments Fund lidayamba kupereka mphoto kwa okonza bwino nyumba zotere, ndipo mu 2010 mphotoyo idapita kwa omwe adadzutsa Zonnestraal. Chomwe amayamikira si kukongoletsa, koma kudziletsa: kufufuza utoto woyamba pokanda khoma pang'onopang'ono, kupanga mawindo ofanana ndi akale, kulowetsa mawaya ndi mapaipi atsopano mosaonekera.

Pa nkhani ya mabwalo a ndege pali zitsanzo ziwiri. Ku New York, nyumba ya TWA yomwe adajambula Eero Saarinen, yotsegulidwa mu 1962, idatsekedwa mu 2001 itachepera ndege zamakono. Sadaigwetse. Mu 2019 idatsegulidwanso ngati khomo la hotela, mipando yofiira ndi bolodi lolengeza maulendo zili monga kale. Icho nchitsanzo cha anthu a ndalama. Chofanana ndi ife ndi cha ku Gander, katauni ka ku Canada komwe ndege zowoloka nyanja ya Atlantic zinkaima kumwa mafuta. Ndege zitayamba kuuluka mtunda wautali osaima, Gander idatsala yokha monga idatsalira Chileka mu 1983. Chipinda chake chodikirira alendo cha 1959 chidapulumuka chifukwa padalibe chifukwa chochisinthira, ndipo anthu atachita phokoso kuti chisaonongedwe, chidakonzedwa nkutsegulidwa kwa aliyense mu 2022.

Mu Africa muno namonso zayamba. Mzinda wa Asmara ku Eritrea udalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2017 chifukwa cha nyumba zake za kamangidwe aka. Africa Hall ya ku Addis Ababa, yomangidwa mu 1961, momwe OAU idabadwira mu 1963, idakonzedwa mosamala pamodzi ndi magalasi ake ojambulidwa ndi Afewerk Tekle, nkutsegulidwanso mu Okutobala 2024. Pafupi ndi kwathu, siteshoni ya sitima ya ku Beira, ya 1966, idalandira thandizo mu 2019 kuchokera ku Getty Foundation pansi pa ndondomeko ya Keeping It Modern. Ndalamazo sizinali zogulira utoto, zinali zolipira akatswiri kuti ayeze nyumbayo, afufuze mbiri yake ndi kulemba dongosolo la kasamalidwe kake. Ndondomekoyi idayenda kuyambira 2014 mpaka 2020 ndipo idathandiza nyumba 77, kuphatikizapo za ku Ghana, Uganda, Senegal, Nigeria ndi Morocco. Ya ku Malawi padalibe.

Komabe kunena kuti kuno sitidasungepo kanthu kungakhale kulakwira anthu ena. Kungoti zomwe tasunga bwino ndi zomwe sitikadatha kukhala popanda izo, ndipo zili m'dera lino lomwe. Tsikirani kumadzulo kwa Chileka kukafika ku Shire. Pa Walker's Ferry pali malo opopera madzi omwe adayamba ntchito mu 1963, damu la Mudi litachepera mzinda. Madzi amachoka pamenepo nkukwera mtunda wa makilomita oposa 40 ndi chitunda cha mamita pafupifupi 800, ndipo pa Chileka pali siteshoni yowakankhanso kuti akafike m'tauni. Mayi wa ku Ndirande kapena ku Chilomoni akatsegula mpopi, madzi ambiri omwe amatuluka adutsa pa Chileka. Mapampu asinthidwa, mapaipi awonjezedwa, koma msana wa ntchitoyo ndi womwe uja wa 1963.

Chapafupi pomwepo pali Nkula A, malo oyamba aakulu opangira magetsi pa Shire, omwe adatsegulidwa mu 1966 ndi makina atatu opereka mamegawati 24. Atagwira ntchito zaka 50, adakonzedwanso ndi ndalama za Millennium Challenge Corporation ya ku America, ndipo pomwe ntchitoyo inkatha mu 2018 mphamvu yake idakwera kufika pa mamegawati pafupifupi 36. Sadagwetse nkuyamba pansi. Adachotsa zotha, kusiya zolimba, nkulowetsa zatsopano m'nyumba yakale. Nzomwenso adachita ku Addis Ababa ndi ku Gander, kungoti ife tidazitcha ntchito ya magetsi.

Ngati pali oyenera ulemu pa nkhani yosunga nyumba za mbadwo uno, ndi anthu omwe maina awo sali pa mwala wa maziko uliwonse: mafitala omwe adasula zipangizo pomwe zogula kunja zidasowa, akapitawo a nthambi ya zomangamanga omwe ankayendera nyumba za boma dzinja lisanafike, aphunzitsi aakulu omwe adakakamira kuti magalasi osweka abwezeretsedwe teremu isanathe, ndi amayi okolopa omwe adasunga pansi pa mawodi ndi maofesi kwa zaka makumimakumi. Nyumba yomwe yafika zaka 60 ili chiimire, pali wina adakwera padenga pake chaka ndi chaka.

Chileka imadziwanso kusunga m'njira ina. M'mudzi wa Singano, kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba, Moya Aliya Malamusi mogwirizana ndi katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adasonkhanitsa matepi, zithunzi, zoimbira ndi zipangizo za m'midzi kwa zaka zambiri, osadikira boma. Chifukwa cha khama lotere, gitala la Daniel Kachamba, yemwe adamwalira mu 1987, likumvekabe. Dera lomwe lidabala a Kachamba, a Fumulani, Evison Matafale ndi Black Missionaries silifunika kuphunzitsidwa kuti za dzana zili ndi mtengo. Chomwe sichidachitike nkutengera mtima womwewo ku nyumba.

Ndipo nyumbazo si za m'tauni zokha. Mukamayenda pa msewu wa M1 kudutsa pa Lunzu ndi pa Lirangwe kulowera ku Zalewa, chepetsani liwiro muone masitolo akale: khonde lotakata la nsanamira pomwe telala amaika makina ake, khoma lakutsogolo lokwera kubisa denga, zitseko zamatabwa zopinda. M'misika yambiri ya m'dziko muno masitolo otere adali a amwenye, mpaka m'zaka za m'ma 1970 pomwe boma lidawalamula kuti azichitira malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Onjezanipo mashedi a ADMARC, mapositi ofesi, nyumba za aphunzitsi ndi za ogwira ntchito pa njanji yopita ku Salima, yomwe idadutsa pa Lirangwe m'zaka za m'ma 1930. Palibe mlendo adzachoke ku Ulaya kudzajambula shedi ya ADMARC. Koma m'menemo ndi momwe mlimi wa thonje ndi nandolo adakumanirana ndi boma, pa sikelo, ndipo mwana wobadwa lero sadzamvetsa moyo wa agogo ake popanda kuona malo oterowo. Sindikunena kuti zonse zisungidwe. Zina zatha ndithu, ndipo eni malo ali ndi ufulu womanga zatsopano. Koma kusankha chosunga kumafuna kuti uyambe wadziwa chomwe uli nacho.

Nkhani yomanga nyumba yatsopano ya apaulendo pa Chileka imabwera pafupifupi m'boma lililonse. Tsiku lina ndalama zidzapezeka, ndipo kontirakitala akadzafika ndi makatapila sipadzakhalanso nthawi yokambirana. Zokambirana nza lero: mbali ziti za nyumba yakale zatsala monga zidalili, nsanja yakale idzagwira ntchito yanji, kodi chipinda chimodzi sichingasungire zithunzi za Air Malawi, mayunifolomu a oyendetsa ndege ndi maina a anthu a Wenela omwe adafera ku Francistown? Akadalipo akuluakulu ku Chileka, kwa Kuntaja ndi kwa Kunthembwe omwe adagwira ntchito pabwaloli, kunyamula katundu, kuzimitsa moto, kuphika m'lesitilanti ya pamwamba, ndipo akhoza kuloza ndi chala pomwe padali chakuti. Mafailo a nthambi ya zomangamanga ya nthawi ya atsamunda ali ku National Archives ku Zomba. Ku MUBAS kuli ophunzira zojambula mapulani a nyumba omwe chaka chilichonse amafuna mutu wa kafukufuku, ndipo amaphunzirira m'nyumba za mbadwo womwewu. Ntchito yoyamba imafuna tepi yoyezera, kamera, kope ndi chilolezo cha oyang'anira bwalo. Kuchoka pa Ginnery Corner kukafika pa Chileka sipakwana makilomita 20, ndipo maminibasi amayenda tsiku lonse.